Livasi, ba dilaiva!

Amene mumakwela minibasi m'Lusaka mumalidziŵa liwu ili. Basi yadutsa kale siteshoni, kondakitala waona mayi akuthamanga na cikwama, amenya citseko kaŵili: "Livasi, ba dilaiva, kuli umodzi!" Tonse mkati tingoyamba kuyenda cafutambuyo, motoka za kumbuyo zikuliza mahutala.

Liwuli ndi la Cingelezi, reverse, ndipo tanthauzo lake ndi kubwelela kumene wacokela. Pa giya ndi cilembo R cija. Cinyanja siciyamba liwu ndi r, ndiye pakamwa pathu linasanduka livasi, ndipo tinalipatsa miyendo: kulivasa, walivasa, mulivaseko pang'ono. Masiku ano lafika mpaka pa kabutu ka mobile money. Munthu akatumiza ndalama ku nambala yolakwika amathamanga n'kukapempha kuti "munilivasileko."

Ine kwathu ndi kum'mawa, ndipo kumeneko ndi kumene ndimaona kulemela kwa liwuli. Pa Great East Road, ukawoloka mlatho wa Luangwa, basi imaima pa Nyimba. Isanazime n'komwe, amayi ogulitsa nthoci aizungulila kale, mabeseni pamutu, ena mwana kumsana, maso onse ali pa mawindo. Amene ali kumbuyo kwa basi dilaiva sawaona. Magalasi a m'mbali amaonetsa m'mbali cabe, ndipo windo la kumbuyo nthawi zambili latsekeka na matumba a nshawa ndi makala. Apa kondakitala ndiye maso a dilaiva. Akatsika n'kuima poonekela pa galasi, "bwela, bwela, bwela, imani!" zonse zimayenda bwino. Akakhala mkati kuŵelenga cenji, mayi wa nthoci uja watsala yekha.

Ku Petauke nkhani ndi inanso. Boma ili patali pang'ono ndi msewu waukulu, ndiye motoka zimaloŵa, kutembenuka, n'kutulukanso, pakati pa njinga, njinga zamoto ndi ngolo za ng'ombe. Ng'ombe simva hutala monga munthu, ndipo ngolo yodzaza cimanga sibwelela kumbuyo mwamsanga. Madilaiva a kumeneko ndawaona ali na cizoloŵezi cimene ndimacikonda: asanaike livasi amatsitsa windo, mutu panja, wailesi n'kuzimitsa kuti amve ngati wina akukuwa.

Pa mayeso a RTSA, kubweza motoka pakati pa makoni n'kumene kumagwetsa ambili. Koma koni sikhala na mwana kumsana, ndipo ukaigunda umangolembetsanso tsiku lina. N'cifukwa cake cimandinyansa kuona minibasi ikulivasa mtunda wautali pa msewu waukulu cifukwa ca munthu mmodzi, ife okwela tili zii, ena tikuseka. Dzulo mdala wina amene anakhala pafupi nane analankhula: "Mwana wanga, uyo munthu ali na mendo, mulekeni abwele." Kondakitala anang'ung'udza, koma dilaiva anaponda buleki, tinadikila.