Mabuku a Parishi Ndiwo Nkhokwe ya Mbiri Yathu



Lero tifuna kulankhula za mabuku amene ambirife sitinawaonepo, ngakhale maina athu alimo. Awa ndi mabuku a parishi, amene ansembe amasunga m'kabati yokhoma. Kuti timvetse bwino ntchito yake, tiyeni tiyende ulendo wa m'maganizo mpaka ku Mua, m'boma la Dedza, patsinde pa mapiri, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe.

Abambo Oyera anafika koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1889, nakhala kwa Mponda, koma nkhondo ndi matenda zinawabweza mu 1891. Mu 1901 ansembe a Montfort anatsegula Nzama, ndipo mu 1902 Abambo Oyera anabweranso nayambitsa misyoni ya Mua. Kodi zimenezi tazidziwa bwanji, popeza onse amene anaziona ndi maso anatisiya kale? Tazidziwa chifukwa ansembe aja ankalemba. Anali ndi buku la zochitika za pa misyoni, m'mene ankalembamo m'Chifalansa za mvula ndi njala, za mafumu, za sukulu za m'midzi, ndiponso za mikangano yawo ndi eni gule wamkulu. Wolemba mbiri wina, Ian Linden, anagwiritsa ntchito mabuku otere polemba mbiri ya Akatolika a m'dziko lino, imene inasindikizidwa mu 1974.

Palinso mabuku ena oposa amenewa kufunika kwake, ndiwo mabuku a masakramenti. Msonkhano waukulu wa Eklezia wa ku Trento unalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izilemba maina a obatizidwa ndi a omanga ukwati. Malamulo a Eklezia a mu 1983 abwerezanso zomwezo, kuti pakhale buku la ubatizo, la maukwati ndi la omwalira. M'buku la ubatizo amalembamo dzina la mwana, maina a makolo ake, tsiku lobadwa, tsiku la ubatizo, mboni zake, ndi wansembe wobatiza. Pambali pa dzinalo pamatsala malo. Munthuyo akadzalandira Kulimbitsa, akadzamanga ukwati, kapena akadzalandira unsembe, mawu amatumizidwa ku parishi imene anabatizidwira, ngakhale kutali chotani, kuti akalembedwe pamalo pomwepo. Motero mzere umodzi wa m'bukumo umasenza moyo wonse wa mkristu.

Taganizani za mwana amene anabadwira m'dera la Mua mu 1909, dzina lake Cornelius Chitsulo. Pa ubwana wake palibe amene akanalota kuti mu 1937 adzakhala wansembe woyamba wa dziko lino, ndi kuti pambuyo pake adzakhala episkopi woyamba wa ku Dedza. Wolemba dzina la mwana m'buku sadziwa zimene Mulungu wamkonzera mwanayo. Nchifukwa chake dzina lililonse liyenera kulembedwa mwaulemu ndi mosamala.

Tsono apa tilankhule ndi inu, akatekisiti athu. M'parishi za kumudzi wansembe amafika ku nthambi zakutali mwa apo ndi apo, ndipo maina ambiri amayamba alembedwa m'kabuku kanu asanafike m'buku lalikulu. Kabukuko kakanyowa ndi mvula, kapena chiswe chikakadya, kapena mukazengereza kukapereka ku parishi, vuto lake lidzaoneka patapita zaka makumi awiri. Mnyamata adzafuna kumanga ukwati m'tchalitchi ku tauni, adzamufunsa kalata ya ubatizo, ndipo dzina lake silidzapezeka. Pamenepo adzayamba kufunafuna mboni zimene mwina zinamwalira kale. Lembani msanga, lembani zooneka bwino, ndipo funsani makolo kawiri kalembedwe ka dzina ndi ka mudzi.

Inunso makolo, sungani khadi la ubatizo la mwana aliyense pamalo ouma. Mwana akasintha dzina atakula, kadziwitseni ansembe. Auzeni ana anu parishi imene anabatizidwira ndi chaka chake, pakuti mawa adzakhala kutali ndi inu.

Komanso si zonse zinalembedwa. M'mabuku akale mulibe zambiri za amayi amene ankasenza njerwa ndi madzi pomanga tchalitchi, kapena za aphunzitsi amene ankayenda pansi mitunda yaitali kukaphunzitsa katekisimu. Mbiri yawo ili m'mitima ya agogo athu. Paja akuti mawu a akulu akoma akagonera. Koma agogo akagona tisanawafunse, mawuwo amagona nawo. Mphakati uliwonse usankhe munthu wodziwa kulemba, akhale pansi ndi okalamba, alembe amene anayambitsa mapemphero pamudzipo, mtengo umene ankasonkhanapo, ndi chaka chimene anamanga tchalitchi choyamba. Zolembazo azipereke ku parishi.

Ambuye Yezu anauza ophunzira ake kuti chimwemwe chawo chenicheni chikhale chakuti maina awo analembedwa kumwamba. Buku la ku parishi ndi chizindikiro chabe cha buku limenelo, limene chiswe sichingalidye. Tisamale la pansi pano, ndipo tikhale moyo woyenera kuti tidzapezeke m'buku la kumwambalo.

Mulungu Mphambe akudalitseni nonse, inu ndi mabanja anu. Amen.