Pansi pako ndi denga la mnzako

Kuno ku Malawi munthu akamayenda m'nyumba mwake, kaya wavala gogoda kaya jombo, omva ndi a m'nyumba momwemo basi. Pansi ndi pasimenti kapena pozira, ndipo kunsi kwake kuli nthaka yomwe sidandaula.

Koma m'mizinda ya ku Britain monga London, Manchester, Leicester ndi Glasgow, komwe Amalawi ena akukhala m'mafulati osanjikizana, nkhani ndi ina. Kumeneko pomwe wina akuponda, kwa mnzake wakunsi ndi denga, ndipo chomwe chadanitsa anthu ambiri ndi timatabwa toyala pansi totchedwa laminate.

Timatabwati tidatulukiridwa ndi kampani ya Perstorp ya ku Sweden mu 1977 ndipo tidatchuka ndi dzina loti Pergo. Si thabwa lenileni ayi. Ndi utuchi wotsindira kwambiri womwe pamwamba pake amamatapo chithunzi cha thabwa n'kukutira ndi pulasitiki wolimba. Kuchindikala kwake kumayambira mamilimita 6 kulekeza 12.

Anthu amatikonda kaamba koti n'totsika mtengo poyerekeza ndi matabwa enieni, sitisunga fumbi ngati kapeti, ndipo mwana akataya phala n'kungopukuta. Koma paja walira mvula walira matope. Tsiku lomwe kapeti yachotsedwa ndi lomwe wakunsi amayamba kudziwa nthawi yomwe anzake amadzuka, yomwe amakoka mpando, ngakhalenso yomwe supuni yagwa.

Akatswiri a zomangamanga amagawa phokoso la m'nyumba pawiri. Pali loyenda mumpweya monga mawu a anthu, wailesi ndi kanema, komanso lobwera chinthu chikagunda pansi monga chidendene, mpira kapena mwendo wa tebulo.

Vuto la laminate lagona pa phokoso lachiwirili. Phazi likagunda polimba, kunjenjemera kumalowa m'mitanda kapena mukonkire n'kukatulukira kudenga ndi m'makoma a nyumba yakunsi, ngati momwe ng'oma imalirira. Kapeti imameza kugundako kusadafike patali, pomwe laminate amangokupatsira kunsi.

N'chifukwa chake woyendayo nthawi zambiri sadziwa kuti akuzunza munthu. Iye amangomva kaphokoso kochepa, koma mnzake akumva di! di! di! pamutu pake. Kwa namwino kapena wosamalira okalamba yemwe wachezera usiku wonse kuntchito ndipo akufuna kugona masana, ili si vuto lamasewera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 1999 kuti phokoso losalekeza m'chipinda chogona lisapitirire madesibelo 30 kuti munthu apeze tulo tabwino.

Boma la Britain lidaikapo malamulo. Kuyambira mu 2003, ku England ndi Wales mafulati omangidwa kumene sayenera kudutsitsa phokoso la kugunda loposa madesibelo 62, ndipo nyumba yakale yomwe yagawidwa kukhala mafulati malire ake ndi 64. Ku Scotland adakhwimitsa mu 2010 poika malire a 56 pa nyumba zatsopano.

Poyeza amagwiritsa ntchito makina okhala ndi tinyundo tisanu, kalikonse kolemera magalamu 500, tomwe timamenya pansi kakhumi pasekondi iliyonse uku wina akuyeza phokoso m'chipinda chakunsi.

Koma malamulowa sakhudza nyumba zomwe zidamangidwa kale. Mwachitsanzo, mafulati ambiri amiyala a ku Glasgow ndi Edinburgh adamangidwa m'zaka za m'ma 1800, ndipo pakati pa nyumba yapamwamba ndi yakunsi pali mitanda yamatabwa. Amisiri akalewo ankathira phulusa pakati pa mitandayo pofuna kuchepetsa phokoso. Wokonza nyumba akachotsa phulusalo, kenaka n'kuchotsanso kapeti, ndiye kuti watsekula khomo la phokoso.

Nanga wofuna laminate atani? Mankhwala ake ali kunsi kwa timatabwato, ndipo nthawi yabwino yowaika ndi tisadayalidwe.

Choyamba ndi choyala kunsi, chomwe m'masitolo amachitcha underlay. Kasiponji kopyapyala koyera komwe kamatsika mtengo kamangosalaza pansi, pa phokoso sikathandiza kwenikweni. Chofunika ndi choyala cholemera cha labala kapena cha khungwa la mtengo wa cork. Komabe chisakhale chofewa kwambiri, chifukwa timatabwa tikamatitimira munthu akaponda, molumikizana mwake mumathyoka.

Wogula asamangotengeka ndi nambala ya madesibelo yolembedwa papaketi. Nambalayo kawirikawiri imapezeka poyeza pakonkire, choncho m'nyumba ya mitanda yamatabwa phindu lake limachepa, makamaka pa kugunda kwa ana othamanga.

Chachiwiri, laminate asakhomedwe ndi misomali ndipo asakhudze khoma, mapaipi kapena mafelemu a zitseko. Amisiri amasiya mpata wa mamilimita 8 mpaka 10 kuzungulira chipinda kuti timatabwa tipeze kofufumira, ndipo mpata womwewo umadula njira ya phokoso. Malo amodzi okha okhudzana ndi khoma akhoza kuononga ntchito yonse.

Ngati nyumbayo ndi ya mitanda, ena amazula matabwa akale n'kuika ubweya wopangidwa kuchokera ku miyala pakati pa mitandayo. Naye wakunsi akhoza kupachika siling'i ina patizitsulo tonyumphira, koma njirayi ndi yodula ndipo imafupikitsa chipinda.

Kwa amene adayala kale, zilipo zochepetsera mkangano: kuyala timakapeti mukhonde ndi pabalaza, kumata tinsalu tochindikala kumiyendo ya mipando, komanso kuvula nsapato pakhomo.

Koma zonsezi zisadachitike, munthu ayambe wawerenga mgwirizano wa nyumba yake, poti safunsa adadya phula. Migwirizano yambiri ya mafulati imalamula kuti pansi pakhale kapeti kupatula kukhitchini ndi kubafa, ndipo makhonsolo ambiri amafuna kuti alendi awo okhala pamwamba ayambe apempha chilolezo. Woyala mwakabisira akhoza kuuzidwa kuti azule ndi ndalama zake.

Nako kukhoti si kothamangira. Mu 1999 nyumba ya House of Lords, yomwe panthawiyo idali bwalo lalikulu la apilo, idagamula pa madandaulo a alendi a makhonsolo a Southwark ndi Camden ku London kuti phokoso la moyo wa tsiku ndi tsiku si mlandu, ndipo mwini nyumba sangakakamizidwe kutchinga phokoso m'nyumba yomwe mlendi adaipeza ili choncho.

Zimasintha munthu akachita kusintha pansi. Mu 2018 khoti lina ku London lidapatsa mayi wina wa ku Kensington chipukutamisozi choposa £100,000 litapeza kuti pansi pa nyumba yapamwamba pake padasinthidwa popanda chotchinga phokoso chokwanira.

Koma si onse amapambana. Mu 2012 banja lina la ku London komweko lidaluza ku khoti la apilo kaamba koti eni mdadada wa mafulatiwo adali atavomereza kale kuti apamwamba ayale matabwa. Mbali ziwirizo zidaononga ndalama zoposa £140,000 pa mlanduwo, ndipo oweruza adadandaula kuti nkhaniyo ikadatha ndi mkhalapakati, mwina pongogwirizana zoyala kapeti m'malo ena.

Milandu iwiriyi siidali ya laminate weniweni, koma gwero lake ndi lomwelo: pansi polimba pamwamba pa mutu wa munthu wina.

Choncho wofuna kukongoletsa fulati yake ayambe wagogoda pakhomo la mnzake wakunsi, amuuze zomwe akufuna kuchita ndi kumva nthawi yomwe amagona. Akatha apo aone mgwirizano wa nyumba, kenaka agule choyala chabwino. Mtengo wa labala woyala chipinda chimodzi sungafanane ndi wa kuzula timatabwa tonse, ndipo loya ndiye amadula koposa.