Sitolo ya Mavwende Ophulika

Mu 1964, m'tauni ya Harrison ku Arkansas, Sam Walton ankatsegula sitolo yake yachiwiri ya Wal-Mart. Pofuna kukopa anthu, anaunjika mavwende panja nabweretsa abulu oti ana akwere. Koma dzuwa linali kuswa mtengo. Mavwende anayamba kuphulika okha, madzi ake n'kusakanikirana ndi ndowe za abulu, ogula n'kumapondamo n'kulowa nazo m'sitolo. Wamalonda wina, David Glass, anaona zonsezi nachoka akupukusa mutu kuti sitolo yonyansa chotere sanaionepo. Glass yemweyo anadzalembedwa ntchito ndi Walton mu 1976, ndipo mu 1988 ndiye anakhala mkulu wa kampani yonse. Ha, dziko ili!

Chimene ogula a ku Harrison anaona, chomwe maso a akatswiri sanagwirepo, ndi mitengo. Walton ankadya phindu lochepa pa chinthu chilichonse kuti katundu asagone pa shelefu. Ndipo anasankha malo amene anzake ankawanyoza. Kmart, imene inayamba chaka chimodzi ndi sitolo yoyamba ya Wal-Mart ku Rogers, 1962, inkathamangira mizinda ikuluikulu. Iye anapita kumatauni aang'ono, kwa alimi amene kale ankayenda mtunda wautali kapena kulipira zodula chifukwa chosowa kolowera. Apa m'pamene ndimamuvulira chipewa: anazindikira kuti munthu wakumudzi nayenso amawerengera ndalama yake.

Ankauluka yekha pa kandege kake, akusuzumira pansi kuti aone kumene misewu ikukumana ndi kumene magalimoto achuluka. Akapeza, sitolo ija yadzuka. Masitolowo ankawamanga mozungulira nkhokwe ya katundu ku Bentonville, pa mtunda woti lole ifike tsiku lomwelo, akadzaza dera limenelo n'kumanganso nkhokwe ina kutsogolo.

Tamvani tsono mmene zinathamangira. Mu 1967 masitolo anali 24. Mu 1972 anafika 51, masheya akugulitsidwa ku New York. Pofika 1980 anali 276, malonda a chaka chimodzi atapitirira madola biliyoni imodzi, pasanathe zaka 20 chitsegulire ku Rogers! Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Kmart ndi Sears, akuluakulu aja a m'mizinda, anali akuona msana wa kampani ya ku Bentonville, katauni kamene Walton anakapeza ndi anthu osakwana 3,000 pamene ankasamukirako mu 1950.