Mwambo wa Chiliza cha Bambo Womwalira Akadali ndi Mphamvu

Pakati pa Achewa a m'chigawo chapakati cha Malawi, maliro sathera pa tsiku loika m'manda, chifukwa pamatsatira miyambo ina pakapita masiku ndi miyezi, ndipo umene watchuka kwambiri masiku ano ndi womanga chiliza, chomwe ndi chipilala cha simenti, matailosi kapena mwala wosema chimene chimamangidwa pamtumbira, womwe ndi mulu wa dothi umene adzukulu, anthu okumba manda aja, amaunjika akatha kukwirira. Makolo ankameta maliro kawiri, koyamba patangopita masiku ochepa, kachiwiri patapita miyezi ingapo kapena chaka, ndipo pa kumeta kwachiwiriku, kumene kumatchedwa mpalo, ankafulula mowa ndi kutulutsa Gule Wamkulu posonyeza kuti mzimu wa malemu wakhazikika pamodzi ndi mizimu ya makolo. Mabanja ambiri achikhristu adaika chiliza m'malo mwa mpalo, ngakhale kuti m'midzi ina ya ku Dedza, Lilongwe, Dowa ndi Mchinji miyambo iwiriyi imachitikira limodzi.

Mwambowu umalemera mwapadera pamene womwalirayo ndi bambo wa zaka za m'ma 40 kapena 50, amene imfa idamupeza ana ali pasukulu, nyumba ya njerwa zootcha itafika pamawindo, fodya ali m'chigafa asanamangidwe mabelo. Munthu wotere m'chikhalidwe cha Achewa amasenza katundu pawiri, pakuti kumudzi kwa mkazi wake, kumene mwina adakhalako ngati mkamwini, ndi bambo wa ana, pamene kumudzi kwawo ndi mwinimbumba, kutanthauza mwamuna amene amayang'anira alongo ake ndi ana awo. Akamwalira, makomo awiri amataya mzati nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake chiliza chake sichingamangidwe ndi mbali imodzi popanda kukambirana ndi inzake.

Nthawi yomanga imasankhidwa mosamala. Achibale amadikira kuti mvula ya dzinja limodzi idutse kuti dothi lititimire, kenaka amasankha tsiku la m'chilimwe, anthu atakolola, pamene chimanga chili m'nkhokwe ndipo misewu ya kumudzi ndi youma. Ndalama za simenti ndi za mmisiri amasonkherana, ndipo amene ali m'tauni kapena ku Johannesburg amatumiza zawo kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena Mukuru. Mfumu imadziwitsidwa zonse zisanayambe, popeza manda ali m'manja mwake ndipo munthu salowamo popanda chilolezo.

Pa tsikulo chiliza chimakhala chitafunditsidwa nsalu yoyera, ndipo mbusa, mkulu wa mpingo kapena katekisiti akatha kupemphera, amayi a mpingo, monga a Chigwirizano m'Sinodi ya Nkhoma, amaimba nyimbo pamene nsaluyo ikuvundukulidwa kuti dzina la malemu, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira zionekere. Nkhata zamaluwa zimaikidwa motsata ndondomeko, kuyambira mayi wamasiye ndi ana ake, kenaka akuchimuna, akuchikazi, ampingo ndi anzake a kuntchito. Gawo limene anthu amalimvetsera mwachidwi ndi la mbiri ya malemu, imene wachibale mmodzi amawerenga kuchokera papepala. Pa tsiku la maliro mbiri imawerengedwa mofulumira pakati pa kulira, koma pa chiliza mitima imakhala itatsikako, choncho wolankhula amakhala ndi mpata wotchula zimene manja a munthuyo adagwira: dimba limene ankathirira m'bandakucha asanapite kuntchito, njinga imene ankanyamulira matumba a mtedza kupita kumsika, malata amene adafolerera nyumba ya mayi ake, ndi ana a alongo ake amene adawalipirira sukulu mpaka fomu 4. Ana amene anali aang'ono pa nthawi ya maliro amamva apa, mwina koyamba, kuti bambo awo anali munthu wotani pamaso pa mudzi, ndipo ichi n'chamtengo wapatali kuposa chipilala chenichenicho.

Anthu akabwerako kumanda n'kudya nsima ya mbuzi ndi kumwa thobwa, akuluakulu a mbali zonse ziwiri amakhala pansi pamodzi ndi ankhoswe, amene adaimira banjalo pa ukwati, kuti akambirane za otsala. M'mabanja ena ndi pano pamene amasudzula mayi wamasiye, kutanthauza kumumasula kuti ngati afuna akhoza kukwatiwanso. Nkhani ya chuma nayo imabuka, ndipo mpofunika kukumbutsa kuti lamulo la chuma cha masiye la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limene Malawi adakhazikitsa mu 2011, limaika patsogolo mkazi ndi ana ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. N'zomvetsa chisoni kuti pali achibale amene amamanga chiliza chonyezimira atalanda kale nyumba ndi njinga ya malemu, ana ake atasiya sukulu. Mabanja amene amautenga mwambowu moona mtima sabalalika asanagwirizane za amene adzalipire fizi ya mwana aliyense, amene adzamalize nyumba yosafolera ija, ndiponso amene adzathandize mayiyo kupeza feteleza mvula isanagwe.