CHOTUPA CHA PAKHOSI: CHITHOKOMIRO CHABE KAPENA KHANSA?

Lero tikamba za chotupa chimene chimatuluka kutsogolo kwa khosi, chija timachitcha chithokomiro. Chimagwira akazi koposa amuna, ndipo amai ambiri amakhala nacho zaka ndi zaka, namangochibisa ndi mpango. Funso lathu ndi ili: kodi adokotala amadziwa bwanji kuti chotupa ichi nchosaopsya, koma icho ndi khansa?

Poyamba tidziwe kumene chimachokera. Munthu ali yense ali ndi kachiwalo pansi pa kholingo, ka mbali ziwiri ngati mapiko a gulugufe. Adokotala amakatcha thyroid. Kuti kagwire bwino nchito yache kamafuna ayodini, ndipo ayodini akachepa m'zakudya kamakula, nthawi zina nkuchita mibulu m'kati. Nchifukwa chache Boma linaika lamulo m'zaka za m'ma 1990 kuti mchere wogulitsidwa m'dziko muno ukhale wothira ayodini.

Tsono mverani mau okhazika mtima pansi. Mwa zotupa 100 za mtundu umenewu, zoposa 85 siziri khansa. Koma zotsalazo sizidziwika ndi maso kapena ndi dzanja. Paja akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chotupa chachikulu chingathe kukhala madzi chabe, pamene kambulu kakang'ono kosapweteka kangakhale ndi nthenda. Motero adokotala ali ndi njira zitatu zoyesera, ndipo amazitsata imodzi imodzi.

Njira yoyamba ndiyo kuunika ndi makina a ultrasound, omwe aja amaunikira amai oyembekezera, amene ambiri timangoti sikani. Sapweteka, ndipo satentha thupi. Adokotala amayendetsa kachitsulo pakhosi naona chithunzi cha m'kati. Chotupa cha madzi okhaokha, kapena chooneka ngati siponji, sichidetsa nkhawa. Chimene amakayikira ndi cholimba, chakuda pachithunzipo, cha m'mphepete mokhotakhota, chokhala ndi timadontho toyera ngati mchenga, kapena chozama koposa m'lifupi mwache. Mu 2017 bungwe la American College of Radiology linakonza njira yochedwa TI-RADS, yopatsa zizindikiro zimenezi manambala, kuti adokotala onse aziweruza mofanana. Amayesanso magazi, pakuti chotupa chimene chiri kugwira nchito mopitirira muyeso sichikhala khansa kawiri kawiri.

Njira yachiwiri ndiyo singano. Sichotupa chiri chonse chimene amabaya ai. Chokayikitsa kwambiri amachibaya chikafika sentimita imodzi. Chooneka bwino amangochiyang'anira. Singanoyo njowonda ngati ya jakisoni, ndipo nchito yonse imatha m'mphindi zowerengeka, munthu ali maso, nabwerera kwao tsiku lomwelo. Zimene zatuluka amazipaka pagalasi ndi kuzitumiza kwa katswiri woona ndi makina okuza zinthu. Pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe anatsegula nyumba yopimira zotere mu 2011, mothandizana ndi sukulu ya University of North Carolina. Ena amaopa kuti singano imafalitsa khansa m'thupi. Musalole mantha amenewa akuletseni. Choopsya chenicheni ndicho kuchedwa.

Katswiriyo amaika yankho lache m'limodzi mwa magulu 6, monga anagwirizana akatswiri pa msonkhano wa ku Bethesda, ku America, mu 2007. Gulu loyamba ndilo lakuti zotengedwazo zachepa, ayenera kubayanso. Akakuitanani kachiwiri musaganize kuti mwapezeka ndi khansa. Gulu lachiwiri liti chotupa nchosaopsya. Lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi liti khansa iri kukayikiridwa kwambiri kapena yaoneka ndithu. Bvuto liri pa magulu awiri apakati, pamene singano siinena zoona zonse. Zimenezi zimachitika kwa munthu mmodzi mwa anthu asanu kapena kuyandikira pamenepo. Chifukwa chimodzi nchakuti mtundu wina wa khansa, wochedwa follicular, umadziwika pokhapokha ataona ngati waboola chikopa chokuta chotupacho, ndipo singano siingasonyeze zimenezo. Mtundu umenewu umachuluka kumene ayodini ali wochepa.

Apa mpamene pabwera njira yachitatu, ya kuyesa majini. Majini ndiwo malangizo olembedwa m'tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, amene amatiuza tizigawoto kakulidwe kache. Khansa imayamba malangizowo akasokonezeka. Akatswiri amafufuza zosokonezekazo mu zimene singano inatenga. Akapeza kusintha kwina m'jini yochedwa BRAF, pafupifupi nthawi zonse imakhala khansa. Akapanda kupeza cholakwa chiri chonse, wodwala angathe kupewa opareshoni nangomayang'aniridwa. Kuyesa kumeneku nkokwera mtengo ndipo kumachitika makamaka ku America ndi m'maiko ena olemera. Kumene kulibe, adokotala amachotsa mbali imodzi ya kachiwalo kaja ndi kuipima yonse, ndipo yankho lache limakhala lotsimikizika.

Nanga inu muchitenji? Imani pagalasi, mumeze madzi, muone ngati pali mbulu wokwera ndi kutsika. Mukauona, pitani ku chipatala chapafupi, kaya ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, kaya ku St Gabriel ku Namitete, chimene chakhala chikuthandiza anthu chiyambire 1959. Kukafunika adzakulemberani kalata ya ku Kamuzu Central. Musadikire kuti mugulitse fodya kapena mukolole chimanga ngati chotupa chiri kukula msanga, chauma ngati mwala, mau asasa, mukubvutika kumeza kapena kupuma, kapena mwanabere watupa m'mbali mwa khosi osaphwa. Chikatuluka pa mwana kapena pa mwamuna, kapena ngati mbale wanu anadwalapo khansa ya pamenepa, fulumirani koposa. Kutema mphini sikungakuuzeni chimene chiri m'kati.

Inu abambo, perekezani amai, ndipo muwafunire ndalama ya ulendo. Inu a mfumu, kambani mau awa pabwalo. Khansa ya pamalo pano, makamaka ya mtundu wofala wochedwa papillary, iri m'gulu la khansa zochizika bwino: oposa 9 mwa odwala 10 amakhala ali moyo patapita zaka 10. Amene amuchotsa kachiwalo konse amamwa kambulu ka thyroxine tsiku ndi tsiku moyo wache wonse, nalima, nabereka ana monga wina ali yense.