Za Mneni wa Chingerezi Wakuti "Depreciate"

Ana a sukulu akafunsidwa tanthauzo la liu lakuti "depreciate" amafulumira kuyankha kuti ndiko kutsika mtengo. Yankholi si labodza, koma ndi lotambalala kopitirira muyeso, ndipo mphunzitsi wolilandira msanga adzakolola ziganizo zokhota m'makope.

Liuli linachokera ku Chilatini, kumene "de" atanthauza kunsi ndipo "pretium" ndiwo mtengo. Tsono pa msika wa Msundwe, m'mbali mwa mseu wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji, chimanga chimatsika mtengo pa nyengo yokolola, nichikweranso pofika Januwale. Mngerezi kawirikawiri sanena kuti chimangacho "has depreciated"; amangoti mtengo wake wagwa. Koma njinga ya kabaza imene yayenda zaka zitatu m'fumbi ndi m'matope siingafanenso mtengo ndi yatsopano, ngakhale mwini wake aipake utoto. Apa ndipo mneniyu akhala pamalo pake: "The bicycle has depreciated." Chimodzimodzi ngolo ndi chigayo, pakuti ntchito ndi ukalamba zimazidya pang'onopang'ono. Thole likamakula limachita zosiyana, ndipo liu lake ndi "appreciate".

Povuta penipeni ndi pa ndalama. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi m'chaka cha 1971. Mu 1994 boma linaisiya kuti mtengo wake uziyenda ndi msika, ndipo inagwa mphamvu poiyerekeza ndi dola: "The kwacha depreciated against the dollar." Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti dola imodzi, imene inali pafupifupi K1,180, ikhale pafupifupi K1,700. Kumeneku kunali kulamula, ndipo mneni wake ndi wina: "The Bank devalued the kwacha."

Kusiyanaku sikuyenera kuopsa mwana, popeza Chichewa chili nako kale m'mau awiri akuti kugwa ndi kugwetsa. Mphika umagwa; mwana amagwetsa mphika. Mphunzitsi alembe ziganizo ziwirizi pa bolodi, kenaka afunse pa chiganizo chilichonse cha Chingerezi kuti, "Kodi pali wogwetsa?" Ngati alipo, liu ndi "devalue", ngati palibe, ndi "depreciate".

Achenjerenso ndi "deprecate", limene lingosowa chilembo chimodzi cha i, koma litanthauza kudzudzula chinthu kapena kusachivomereza.