Netiweki ndi "Roaming" pa Malire a Mwami

Pa malire a Mwami, pakati pa Chipata ndi Mchinji, liu loti "netiweki" limasenza matanthauzo awiri, amene aphunzitsi a Cinyanja ayenera kuwasiyanitsa.

Loyamba ndilo kufika kwa mafunde ocokera pa nsanja ya kampani. Munthu akati "kuno kulibe netiweki," ndiye kuti nsanja ili kutali kapena phiri laitsekereza. Apa tingayerekeze MTN, Airtel ndi Zamtel mudzi ndi mudzi.

Laciwiri ndilo la "roaming," pamene lamya igwira nsanja ya kampani ya dziko lina imene inapangana ndi kampani ya mwini lamyayo. Mafunde sadziwa malire. Mlimi wa kufupi ndi Mwami, ali khale pakhomo pake, lamya yake ingathe kugwira nsanja ya TNM ya ku Malawi. Iye aona kuti netiweki ilipo, koma tokotaimu yake, imene anzathu a kutsidyako amati mayunitsi, ikutha msanga. Dzina la Airtel, limene linalowa m'malo mwa Zain mu 2010, limasoceretsanso ambiri: lipezeka mbali zonse ziwiri, koma makampani ake ndi awiri, ina pansi pa ZICTA, ina pansi pa MACRA. MTN ilibe nsanja ku Malawi konse.

Kumasulira "roaming" kuti "kuyendayenda" sitikugwirizana nako, pakuti mlimi uja sanayende. Ife tikonda kuti "kubwereka nsanja," popeza cobwerekaco ndico cimene akulipirira.